Makamera Akuonetsa, Koma Bokosi Likujambula?

Kukacha mwini shopu apeza loko atathyoledwa, mashelefu a shuga ndi mafuta ophikira ali pululu. Mtima sunagwe kwenikweni, poti chaka chatha anaikitsa makamera. Alowa m'kachipinda ka kumbuyo, sikirini ikuwala bwinobwino, zithunzi zonse zinayi zili m'malo mwake: pakhomo, pakauntala, mosungira katundu, kuseri. Agwira mausi kuti abwerere ku usiku wathawu. Pa kamzere ka nthawi ka m'munsi mwa sikirini, pamene pamayenera kukhala mtundu wosonyeza kuti panajambulidwa, kuyambira 1 koloko mpaka cha m'ma 5 palibe kalikonse. Nthawi zina zimaposa pamenepo: akabwerera sabata, mwezi, miyezi itatu, kalendala yonse ilibe kachizindikiro ndi kamodzi komwe. Disiki yosungira kanema inafa kalekale, bokosi lakhala likungoonetsa osasunga kanthu.

Vuto la makina ojambulira a CCTV lagona pamenepa. Firiji ikafa mumadziwa tsiku lomwelo chifukwa ndiwo zimavunda. DVR, bokosi losunga kanema wa makamera lija, ikasiya kujambula nkhope yake siisintha, chifukwa chithunzi chimene mumaona pa sikirini chimachoka ku kamera n'kufika m'maso mwanu osadutsa pa disiki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye poyerekeza makinawa, kaya pa mtengo wogulira kaya pa ndalama za mwezi ndi mwezi, funso lotsogola likhale ili: usiku umene magetsi azima, mvula ikugwa, netiweki yathawa, ndi bokosi liti limene lidzakhale litasunga nkhope ya munthu amene analowa?

Mu Mzuzu muno anthu amangoti DVR ku chilichonse chojambula, koma pamsika pali mitundu itatu yosiyana kwambiri. Woyamba ndi DVR yeniyeni. Makamera ake amatumiza chithunzi pa waya wa coax, wofanana ndi uja wa dishi, wokhala ndi mitu ya BNC, ndipo bokosi ndi limene limasandutsa chithunzicho kukhala fayilo. A Hikvision njira yawo amaitcha TVI, a Dahua amati CVI, ena ambiri amagwiritsa ntchito AHD, koma mabokosi a masiku ano amalandira zonsezi. Wachiwiri ndi NVR. Apa kamera iliyonse ili ndi kakompyuta kake m'kati, imakonza yokha kanema n'kumutumiza pa waya wa netiweki, Cat5e kapena Cat6, ndipo bokosi likakhala la PoE waya yemweyo amanyamulanso magetsi. Wachitatu ulibe bokosi n'komwe: timakamera ta Wi-Fi monga Tapo, EZVIZ, Imou, ndi tija tooneka ngati babu toyendera pulogalamu ya V380, timene timajambula pa memory card kapena kutumiza kanema ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, kuja amati cloud.

Pa tsiku logula, timakamera ta Wi-Fi ndi totchipa kuposa zonse, DVR ili pakati, NVR ndiyo yodula chifukwa kamera yake imodzi imaposa mtengo wa inzake ya coax. Koma mtengo umene mumauona pa Facebook kapena kuumva pa foni kawirikawiri umakhala wa bokosi ndi makamera basi. Maseti ambiri, kaya achokera ku Kariakoo ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe kaya ku Joni, amabwera opanda disiki, ndipo disiki yabwino ya 2TB imatha kudula kuposa bokosi la makamera anayi lenilenilo. Pamwamba pake pali waya, mitu, pawa sapulayi, timabokosi totsekera malumikizano, mapaipi, batire, ndi ntchito ya mmisiri. Muwauze amisiri akulembereni kotesheni ya chinthu chimodzichimodzi: nambala ya mtundu wa bokosi, dzina ndi kukula kwa disiki, mtundu wa waya ndi mamita ake. Kotesheni ya mzere umodzi ndi mtengo umodzi imabisa malo amene aikapo zosalimba kuti mtengo utsike, ndipo malowo amakhala pa disiki ndi pa waya, zinthu ziwiri zimene simudzaziona ntchito ikatha.

Pa katoni muwerenge mawu ang'onoang'ono. Mabokosi otchipa ambiri amalembedwa 1080p Lite kapena 1080N. Amenewa amalandira kamera ya 1080p ndithu, ndipo pa sikirini chimaoneka chakuthwa, koma posunga amasunga madontho 960 m'mbali m'malo mwa 1920, ndiye kuti theka. Kuti nkhope ya mlendo izindikirike mosakayika pamafunika madontho pafupifupi 250 pa mita imodzi ya malo amene kamera ikuona. Chithunzi cha 1920 chimakwanitsa zimenezi pa malo otambalala mamita 7 ndi theka. Cha 960 chimalephera ngakhale mamita 4. Geti la galimoto ndi kageti ka anthu pambali pake zadutsa kale pamenepo. Ndi chifukwa chake anthu amadabwa kuti masana pa sikirini amawerenga nambala ya kabaza, koma kanema yemweyo akamubwezera mawa nambalayo yasungunuka. Ngati ndalama zilipo, tengani bokosi lojambula 1080p yathunthu pa tchanelo chilichonse, kutanthauza polowera kamera iliyonse, ndipo likhale la makamera 8 ngakhale lero mukuika anayi, poti kusiyana kwa mtengo n'kochepa pomwe malo osaoneka mumawazindikira patapita mwezi.

Tsopano disiki, imene ine ndimaiona kuti ndiyo makina enieniwo, bokosi n'chovala chabe. Masamu ake ndi osavuta. Kamera yotumiza 1 Mbps (muyeso wa kuchuluka kwa kanema pa sekondi, umene amautcha bitrate) usana ndi usiku imadya 10.8 GB pa tsiku. Ya 1080p pa H.264, njira yopanikizira kanema kuti fayilo ichepe, imafuna 2 Mbps kapena kuposa kuti chithunzi chisaphwanyike, ndiye 21.6 GB. Makamera anayi ndi 86 GB pa tsiku, kutanthauza kuti disiki ya 1TB imadzaza pa masiku 11, kenako imayamba kufufuta zakale n'kujambula zatsopano pomwepo. Makamera 8 pa disiki yomweyo samaliza masiku 6. Bokosi lodziwa H.265 limachepetsa kukula kwa fayilo pafupifupi ndi theka, makamera anayi aja n'kufika masiku 23. Kodi masiku angati akukwanira? Pa nyumba masabata awiri ndi abwino, chifukwa kuthyola kumadziwika m'mawa mwake. Pa golosale, hadiweya kapena famase ayi, pakuti katundu wosowa pang'onopang'ono mumamuzindikira powerengera kumapeto kwa mwezi, ndipo pamenepo mukufuna masiku 30 kapena kuposa. Ndiye 2TB pa makamera anayi a H.265, 4TB pa makamera 8.

Pali chinyengo chimodzi chofala apa. Mmisiri akalonjeza mwezi wathunthu pa 1TB, amangotsitsa bitrate mpaka 512 kbps kapena kuchepetsa mafelemu, ndiye kuti zithunzi zojambulidwa pa sekondi. Zinthu zoima, monga khoma ndi shelefu, zimaonekabe bwino. Munthu woyenda ndi amene amasanduka chithunzithunzi, makamaka usiku. Lowani mu menyu muone nokha manambalawo: 1080p, mafelemu 12 mpaka 15 pa sekondi, bitrate yosachepera 1 Mbps pa H.265.

Si disiki iliyonse imene ili ya ntchitoyi. WD Purple, Seagate SkyHawk ndi Toshiba S300 zinapangidwira kulemba osapuma. Purple ndi SkyHawk zimaloledwa katundu wa 180TB pa chaka, pomwe disiki wamba ya kompyuta ya pa desiki imapangidwira 55TB pa chaka ndi maola a ku ofesi. Ya kompyuta igwira ndithu miyezi yoyamba, mavuto amayamba mochedwa. Choopsa kwambiri ndi madisiki a pakaunjika ochotsedwa m'makompyuta akale n'kumatidwa chipepala chatsopano. Musanalipire, iikidwe m'bokosi, mutsegule tsamba loonetsa thanzi la disiki, lotchedwa S.M.A.R.T. Nambala 9 imaonetsa maola amene disikiyo yagwira ntchito, ndipo chaka chili ndi maola 8,760, choncho yolembedwa 26,000 yatha kale pafupifupi zaka zitatu. Nambala 5 ndi 197 zimawerenga malo owonongeka, ndipo pa disiki yatsopano ziyenera kukhala 0. Akatswiri a chinyengo amatha kufufuta manambalawa, ndiye muonjezere kufufuza serial number pa webusaiti ya kampani yopanga kuti muone ngati chitsimikizo chake cha zaka zitatu chikadalipo. Mukadzaona bokosi likunena kuti malo otsala ndi 0 GB musachite mantha, ndi mmene limakhalira likayamba kufufuta zakale. Chofunika ndi mawu akuti Normal pambali pa disiki. Ndipo kabelu kolira disiki ikavuta musalole kuti kazimitsidwe. Ambiri amakatseka chifukwa kamasokosa, osadziwa kuti ndi pakamwa pokhapo pamene bokosi lili napo.

Nkhani ya ndalama za mwezi ndi mwezi ndi imene imasiyanitsa mitundu itatu ija koposa mtengo wogulira. DVR ndi NVR sizifuna kulipiridwa kwa aliyense kuti zijambule, ndipo sizifuna intaneti. Mapulogalamu oonera pa foni, Hik-Connect ya Hikvision ndi DMSS ya Dahua, ndi aulere. Chimene mumalipira ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, mbali ziwiri: mu rauta ya pa shopu ndi mu foni yanu. Walira mvula walira matope. Kamera imodzi pa chithunzi chopepuka cha 512 kbps imadya 230 MB pa ola, pa chithunzi chathunthu cha 2 Mbps imadya 900 MB pa ola. Munthu wosiya makamera anayi ali otsegula pa foni tsiku lonse amamaliza bandulo ya mwezi m'masiku ochepa n'kumati netiweki ikuba. Ikani pulogalamuyo kuti izitsegula chithunzi chopepuka, chathunthu muzichiitana pokhapokha pali choti muonetsetse. Mukapanda kutsegula, bokosi limadya zochepa kwambiri.

Makamera a cloud ali pena. Ring, ya kampani ya Amazon, imene abale amatumiza kuchokera ku UK kapena ku South Africa, siisunga kanema ngati simukulipira. Mumangoona zimene zikuchitika nthawi yomweyo. Tapo, EZVIZ ndi Imou zimalola memory card popanda malipiro, koma kusungira kunja n'kolipira, mu ndalama zakunja, pa khadi la Visa kapena Mastercard. Tiyerekeze kuti ndi madola 5 pa kamera pa mwezi. Makamera anayi pa zaka zitatu ndi madola 720, ndalama yogula DVR yabwino, disiki ndi batire n'kutsalako. Ndipo dola siyima malo amodzi: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero malipiro omwewo anakwera kawiri popanda kampani kusintha kanthu. Khadi likakanidwa chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, kusunga kumaima. Komanso kutumiza kanema kunja usana ndi usiku pa 1 Mbps ndi 324 GB pa mwezi pa kamera imodzi, n'chifukwa chake mapulani ambiri amangosunga tizidutswa ta nthawi imene china chake chayenda. Amene anali ndi dikoda ya Explora akukumbukira 2023, pamene MultiChoice inaimitsa DStv m'dziko muno kwa miyezi ingapo itasemphana ndi MACRA pa mitengo. Chinthu chodalira mgwirizano wa kampani yakunja chimatha kuima pa zifukwa zimene inu simukuzidziwa n'komwe. Pa mpira mumangodandaula, koma pa umboni wa kuba ndi nkhani ina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sikuti timakamera ta Wi-Fi n'topanda ntchito. Memory card ya 64 GB pa 1 Mbps imasunga pafupifupi masiku 6, bola ikhale ya mtundu wopirira kulembedwa kosalekeza monga SanDisk High Endurance kapena Samsung PRO Endurance. Makhadi wamba a mu foni amatopa msanga, ndipo achinyengo, olembedwa 128 GB pomwe m'kati muli 8 GB, amaonetsa mafayilo amene satseguka. Kufooka kwake kwenikweni n'kwakuti wakuba akazula kamera watenga ndi umboni womwe, Wi-Fi ya 2.4 GHz imavutika kubooleza makoma awiri a njerwa, ndipo kamera iliyonse ili pa soketi yakeyake, ndiye magetsi akazima mulibe malo amodzi oti muikepo batire. Makamera a sola okhala ndi SIM khadi amathandiza pa puloti yomangidwa kumene ku Dunduzu kapena pa munda ku Lusangazi kumene kulibe magetsi, koma amagona n'kumadzuka munthu akadutsa, motero masekondi oyamba amawaphonya, ndipo mitambo ya Juni ndi Julayi kuno imatha kufooketsa kapanelo kake masiku angapo otsatizana.

Magetsi ndiwo amapha kapena kupulumutsa zonse. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amapangidwa pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuti afike ku Mzuzu amayenda makilomita mazanamazana. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kwa nthawi yoposa chaka. Aliyense woika makamera kuno awerengere kuti kuzima kudzakhalapo, ndiponso kuti akuba amakonda mdima womwewo, ena amachita kuzimitsa okha pa mita. Komanso kuzima kodzidzimutsa disiki ili m'kati molemba kumawononga fayilo yomaliza, imene kawirikawiri ndi yofunikayo, ndipo kukamachitika tsiku ndi tsiku disiki imafa msanga.

Seti ya DVR ya makamera anayi imadya pafupifupi 30W usiku: kamera iliyonse 4W magetsi ake oonera mumdima, a infrared, akayaka, bokosi ndi disiki 12W mpaka 15W. Sikirini musaiwerengere, siifunika kuyaka kuti kujambula kuchitike. UPS ya kompyuta (kachipangizo kopereka magetsi akazima) ya 650VA, imene ambiri amagulitsidwa, ili ndi kabatire ka 12V 7Ah, ndiye 84Wh pa pepala, ndipo mukachotsa zotayika posandutsa magetsi mumapeza ola limodzi kapena limodzi ndi theka, kabatireko kakadali katsopano. Pa kuzima kwa maola 6 sikafika patali. Batire la 100Ah lili ndi 1,200Wh. La asidi muzigwiritsa theka lokha kuti likhalitse, ndiye 600Wh, maola 20 pa 30W. La 40Ah likupatsani maola 8. La lithiamu la LiFePO4 limalola kutapa mpaka 80 peresenti kapena kuposa ndipo limakhala zaka zambiri, ngakhale kuti polowa limaluma m'thumba. Apa DVR imapambana NVR, chifukwa zonse zake ndi za 12V, pomwe NVR ya PoE imafuna 48V kapena kuposerapo pang'ono, motero imadalira inveta, ndipo makamera ake amadya kwambiri.

Koma chenjerani polumikiza DVR mwachindunji ku batire la sola. Batire la asidi likamatchajidwa limakwera mpaka 14.4V, ndipo mabokosi ambiri amangopereka magetsi olowawo ku mota ya disiki osawasefa. Disiki imafuna 12V yosasuntha kwambiri. Pakati pa batire ndi bokosi pakhale kachipangizo kosunga 12V yokhazikika, ndi fiyuzi pafupi ndi batire. Batire lidyetse bokosi, makamera onse ndi rauta pamodzi. Zimachitika kuti bokosi lokha ndi limene lili pa UPS, makamera ali pa soketi ina, magetsi akazima bokosi likujambula mdima wa tchanelo chopanda kamera.

Zizindikiro ziwiri za magetsi ofooka zimanamiza anthu. Choyamba, disiki ikamalira kuti tiki tiki n'kumasowa mu menyu, musathamangire kugula ina. Poyamba kuzungulira imakoka pafupifupi 2A, ndipo adaputala yotopa kapena yosinthanitsidwa ndi ya rauta siikwanitsa. Yesani adaputala ina ya 12V yokhala ndi ma amp okwanira kaye. Chachiwiri, kamera yogwira bwino masana koma yothima kukada. Vuto lake ndi waya. Waya wa kopa wa 0.5 mm² wotalika mamita 60, kupita ndi kubwerera ndi mamita 120, amataya 1.7V kamera ikamakoka 0.4A, ndiye imalandira 10.3V. Akakhala waya wa aluminiyamu wongokutidwa kopa, amene wadzaza pamsika, zotayika zimafika 2.6V, ndipo infrared ikangoyaka kamera imazima n'kuyambiranso usiku wonse. Palani waya ndi mpeni: m'kati mukatuluka zoyera, si kopa. Pa coax yandikizani maginito ku kawaya ka pakati, kakamata ndi chitsulo chokutidwa. Kamera yakutali ipatseni waya wonenepa kapena pawa sapulayi yake pafupi. Pa NVR malire ndi mamita 100 pa waya mmodzi, ndipo Cat6 wa aluminiyamu amalephera asanafike pamenepo.

M'kati mwa bokosi muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, monga CR2032, kosunga nthawi. Kakatha, magetsi akangozima tsiku limabwerera ku 1970 kapena 2000. Bokosi likujambula ndithu, koma mukafufuza za dzulo simupeza kanthu chifukwa zasungidwa pa chaka china, ndipo kanema wa tsiku lolakwika amapatsa woimbidwa mlandu pothawira. Kabatireka n'kotchipa zedi, kasinthidwe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi ikhale pa GMT+2, ndipo ngati pali intaneti yatsani NTP kuti lizidzikonza lokha.

Kuzizira kwa Mzuzu n'kwabwino kwa disiki, koma mvula yake yaitali ndi nkhungu zimadya malumikizano. Tsegulani mutu wa BNC umene wakhala panja nyengo imodzi utangokulungidwa tepi yakuda: kapini ka pakati kabiriwira, ulusi wa kopa wada ndipo ukuthothoka, m'tepimo muli timadzi. Pa sikirini zimayamba ngati mizere yoyenda, kenako chithunzi chimabwera n'kumachoka. Malumikizano onse akhale m'kabokosi kotseka, bowo loyang'ana pansi, waya atapindidwa pang'ono m'munsi kuti madzi adonthe asanalowe. Mutu wa waya wa netiweki, RJ45, wa kamera ya NVR ndi wosapirira kuposa BNC. Chivindikiro chake cha rabala chimabwera m'katoni momwemo, koma chimatayidwa kawirikawiri chifukwa chimafuna kulowetsedwa waya asanamangidwe mutu. Kudenga waya ayende m'paipi, apo ayi makoswe amutafuna.

Mphezi siifunika kugunda nyumba yanu kuti iwononge. Ikagwa pafupi, waya wautali wolendewera m'mwamba kuchoka pa nyumba kupita ku geti kapena ku nyumba ya kuseri amatola mphamvuyo n'kuipititsa m'bokosi. Ku malo okwera ngati Kaning'ina ndi Masasa zimenezi si zachilendo. Waya wotero adutse pansi m'paipi, pakhale zotetezera mbali zonse ziwiri, ndipo bokosi lilumikizidwe ku ndodo ya earth yokhomedwa bwino, chifukwa chotetezera chopanda earth chilibe kotayira mphamvuyo. TV guard ya pa soketi imateteza za ku mbali ya magetsi zokha, za pa waya wa kamera siiziona. Kamera yomangidwa pa mzati wachitsulo ikhale pa kathabwa kapena pulasitiki, kuti mupewe mizere yokwera ndi kutsika pa chithunzi. Kwa ofuna NVR, ndi bwino kugula yopanda PoE pamodzi ndi switch ya PoE yapadera, kabokosi kogawira makamera netiweki ndi magetsi: mphezi ikalowa imapha switch, imene ndi yotchipa kusintha, bokosi ndi disiki n'kupulumuka.

Ambiri amaika bokosi kuti lizijambula pokhapokha china chake chikayenda, pofuna kusunga malo. Kuno njira imeneyi imavuta. Nkhungu ya usiku imabweza kuwala kwa infrared, kangaude amakonda kuluka pamaso pa kamera chifukwa tizilombo timatsata kuwalako, ndipo mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimadzaza chithunzi chonse. Bokosi limaona zonsezi ngati kuyenda, foni n'kumalira usiku wonse, mwini n'kutopa n'kutsitsa mphamvu yozindikira, mpaka tsiku limene munthu woyenda mwakachetechete m'mbali mwa khoma sadzajambulidwa. Jambulani mosalekeza, zozindikira kuyenda zikhale zongoika chizindikiro pa kamzere ka nthawi. Mabokosi a AcuSense a Hikvision ndi WizSense a Dahua amasiyanitsa munthu ndi galimoto ku masamba ndi tizilombo, ndipo ndalama yoonjezerayo ndi yoyenera kwa aliyense wofuna uthenga pa foni. Babu wamba woyaka pafupi ndi geti, osati moyang'anizana ndi kamera, amathandiza chithunzi cha usiku kuposa kuonjezera ma megapixel.

Mabokosi opanda dzina, aja oyendera pulogalamu ya XMEye, amagwira ntchito ndipo ndi otchipa, koma akavuta mulibe kopita: pulogalamu yatsopano yokonza zolakwika siipezeka, ndipo ambiri amabwera ndi pasiwedi yopanda kanthu. Mu 2016 kachilombo ka pa intaneti kotchedwa Mirai kanalanda ma DVR ndi makamera ochuluka pongoyesa mapasiwedi a ku fakitale, ndipo zida za kampani ya Xiongmai zinali m'gulu la zokhudzidwa kwambiri. Koma vuto lofala kwathu kuno si mbava za pa intaneti ayi, ndi pasiwedi yotsala m'mutu mwa mmisiri. Pa Hik-Connect bokosi limamangidwa ku akaunti imodzi yokha. Mmisiri akalimanga ku yake n'kungokugawirani, ndiye kuti iye ndi mwini, amaona m'shopu mwanu nthawi iliyonse, ndipo akasamukira ku Lilongwe kapena mukayambana, kulimasula ndi ntchito. Tsiku loika, akaunti itsegulidwe pa foni yanu ndi nambala yanu, pasiwedi ya admin mulembe nokha, mafunso obwezeretsera pasiwedi muyankhe nokha, ndipo ogwira ntchito apatsidwe akaunti yongoonera, yosatha kufufuta kapena kuzimitsa kujambula.

Kwa nyumba, golosale kapena ofesi ya makamera osapitirira 8, ine ndingasankhe DVR ya dzina lodziwika yojambula 1080p yathunthu pa H.265, disiki ya CCTV yatsopano, waya wa kopa, ndi batire la maola osachepera 8. Ndalama ikachepa, chotsani kamera imodzi, musachotse batire. NVR ndi ya malo aakulu, monga loji, sukulu kapena nyumba yosungira katundu ku Luwinga, kumene mukufuna chithunzi cha 4MP kapena 8MP, nyumba zingapo pa netiweki imodzi, ndipo jenereta kapena sola yaikulu ilipo kale. Kakamera ka Wi-Fi kabwere ngati koonjezera: kamodzi, koyang'ana khomo pa msinkhu wa nkhope, kotumiza chithunzi ku foni munthu akalowa. Ntchito yake ndi ya tsiku limene akuba anyamula bokosi lenilenilo, poti amene amadziwa amayamba kulifunafuna potsata waya wa sikirini. Bokosi likhale m'kabati yachitsulo yokhoma, yokhala ndi mabowo a mpweya, kutali ndi kauntala. Kudenga n'kobisika, koma pansi pa malata mu Okutobala kumatentha kwambiri, ndipo bokosi losafikirika palibe amaliyendera.

Kuliyendera kwake ndi mphindi zisanu pa sabata. Tsegulani za usiku wathawu cha m'ma 2 koloko pa kamera iliyonse, muone ngati nkhope ingazindikirike. Yerekezani nthawi ya pa sikirini ndi ya pa foni. Bwererani pa kalendala mpaka tsiku lakale kwambiri limene lilipo, muwerenge ngati masiku akufika amene munalonjezedwa. Kamodzi pa mwezi zimitsani magetsi pa main switch, usiku osati masana, muone ngati makamera onse atsala oyaka, ndipo patapita ola muonenso. Chinthu chikachitika, tulutsani kanema tsiku lomwelo bokosi lisanafufute, kuyambira ola limodzi zisanachitike mpaka ola limodzi zitachitika, pa makamera onse osati imodzi yokha. Fulashi ikhale ya FAT32, poti mabokosi ambiri akale saona mitundu ina. A Dahua amatulutsa mafayilo a .dav amene kompyuta wamba siitsegula, ndiye sankhani MP4 kapena mukopere pamodzi ndi kapulogalamu kake koonera. Pangani mafulashi awiri, imodzi ya apolisi ina yanu, ndipo mutsegule mafayilowo pa kompyuta ina musanachoke pa bokosi.